Msika wa Kumwamba ndi Dzanja la Mmisiri wa ku Milange

Madishi a pa nyumba za ku Milange sayang'ana mbali imodzi. Ena agona chagada kuloza kumpoto, ena apenya chakum'mawa, mbali ya phiri la Tumbine, pomwe ena atembenukira chakumadzulo, kutsidya la mtsinje wa Muloza komwe kuli minda ya tiyi ya ku Mulanje. Wongodutsa angaganize kuti aliyense anangokhomapo mmene mtima wake unafunira. Si choncho. Mbali iliyonse ili ndi setilaiti yake, setilaiti iliyonse ili ndi makampani ake, ndipo kampani iliyonse ili ndi mtengo wake. Msika wa kanema wolipira, umene akuluakulu amaulembera malamulo ku Maputo ndi ku Lilongwe, kuno umaoneka ndi maso pamwamba pa malata.

Amene amaufikitsa pamenepo ndi mmisiri wa madishi. Kumsika amamutchula kuti mestre, ena amangoti a injiniya ngakhale sanapondeko pa sukulu ya ukachenjede. Zida zake zimakwana m'chikwama chimodzi chomangirira kumbuyo kwa njinga yamoto: masipanala awiri, pulayasi, mpeni, levulo, tepi wakuda, mpukutu wa chingwe ndi kamita kolira kofufuzira sigino. Makwerero amabwereka pakhomo pomwe wafikapo. Ntchito yake ndi ya ola limodzi kapena awiri, koma ikagwiridwa bwino imakhala zaka osaikhudzanso.

Chimene amasaka sachiona. Setilaiti ya kanema ili pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta, ndipo imazungulira limodzi ndi dziko, kotero kwa munthu woima pansi siisuntha. Malo ake amawerengedwa m'madigiri. Pa madigiri 36 kum'mawa pali masetilaiti a Eutelsat, onyamula ZAP komanso DStv ya maiko ambiri a mu Africa muno. Pa 68.5 pali a Intelsat, onyamula DStv ya ku South Africa ndi matchanelo angapo aulere. Pa 5 pali SES-5, yomwe StarTimes imagwiritsa ntchito, ndipo pa 7 m'pomwe pamachokera Azam TV. Milange ili ndi mwayi wake pa nkhaniyi. Tawuniyi nayo ili pafupifupi pa madigiri 36 kum'mawa, ndiponso madigiri 16 okha kummwera kwa ikweta, choncho dishi yofuna Eutelsat imangolunjika kumpoto n'kudzuka madigiri pafupifupi 71. Yofuna Intelsat iyenera kukhota kwambiri chakum'mawa n'kutsikira cha pa 48, ndipo ya StarTimes imakhota chimodzimodzi koma chakumadzulo, cha pa 50. Mmisiri satchula manambala onsewa. Ali m'manja mwake, ndipo akafika pamudzi wachilendo amangoyang'ana kumene kuli phiri la Mulanje ndi kumene dzuwa latulukira, basi wadziwa poyambira.

Luso lake limayamba asanatsegule n'komwe chikwama. Amazungulira nyumba kaye, maso kumwamba. Akuwerenga mitengo. Sigino ya setilaiti imayenda mtunda wonse uja koma imalephera kudutsa masamba a mango, ndiye iye samangoona mmene mtengo ulili lero. Amaganiza pomwe bulugamu uja adzafike pakatha zaka zitatu, ndi momwe nthochi zidzatukumukire dzinja likafika. Amadziwanso chinsinsi cha dishi yamakono yotalika pang'ono ija: siyang'ana kumene nkhope yake yaloza, imayang'ana m'mwamba kuposa pamenepo ndi madigiri opitirira 20. N'chifukwa chake amatha kuiika pansi, kuseri kwa mpanda, mwini nyumba n'kumadandaula kuti mpandawo utchinga, koma zithunzi n'kubwera bwinobwino.

Kenako amagogoda khoma. Likakhala la zidina amapukusa mutu, chifukwa mabawuti sagwira m'dothi, ndipo mphepo ya chiperoni idzawagwedeza mpaka atazuka. Pamenepo amakumba dzenje, n'kuzika paipi yachitsulo m'simenti, n'kuiimika ndi levulo mbali zonse ziwiri. Wothamangira ndalama amadumpha levuloyo. Koma paipi ikapendekeka, dishi imati ukaitembenuzira kumanja iyo n'kumakweranso yokha, ukaibweza n'kumatsika, moti munthu amasaka tsiku lonse osadziwa chomwe chikumusocheretsa. Anthu a dera lino anaona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atalowera cha ku Quelimane n'kudzasakaza Zambezia, Mulanje ndi Phalombe, kuti chinthu chomangidwa mwachidule mphepo siichimvera chisoni.

Tsopano pafika posaka. Mabawuti amawasiya olefuka pang'ono, oti dishi iziyenda koma isagwe yokha. Amaima kumbuyo kwake kuti thupi lake lisatchinge, zala zili m'mphepete, n'kumaisuntha pang'ono kwambiri, kuima, kuwerenga mumtima mpaka katatu, kusunthanso. Kuimako n'kofunika, chifukwa dikoda imatenga kamphindi kuti izindikire chimene yalandira, ndipo wopupuluma amadutsa pa setilaiti osadziwa kuti waipeza. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Dishi ya masentimita 80 imaona kadera kakang'ono ka thambo, ka madigiri awiri okha kapena kupitirira pang'ono, ndiye kusuntha kwa kutalika kwa chikhadabo kumasiyanitsa mpira ndi mdima. Mnyamata wake amakhala m'nyumba, maso pa kanema, zenera lili chitsegulire.

"Iwe, yafika pati?"

"Ili pa 40, mestre. Yakwera! 52. Yatsikanso."

"Ndikubwerera. Nanga pano?"

"58. Zithunzi zabwera!"

Mwini nyumba amatuluka akusekerera. "Achimwene, mwatha. Tsikani mumwe thobwa."

"Zabwera inde, bambo, koma lero kuli dzuwa. Ine ndikukonzera tsiku la mvula."

Yankho limenelo ndilo limasiyanitsa mmisiri ndi wongokhoma. Pa kanema pamaoneka mizere iwiri, wa mphamvu ndi wa ubwino wa sigino. Wa mphamvu ndi wonyenga: umatha kukwera ngakhale dishi italoza setilaiti yolakwika, ndipo kamita kolira kaja kamalirira iliyonse yomwe kakumana nayo. Wa ubwino ndiwo umanena zoona, ndipo iye amaufinya mpaka dontho lomaliza. Akamaliza kumanja ndi kumanzere, amakonza kukwera ndi kutsika, kenako amagwira LNB, kachipangizo kokhala kunsonga kwa mkono wa dishi kolandira zonse zimene mbaleyo yasonkhanitsa. Amaipotoza m'khosi mwake pang'onopang'ono. Setilaiti imatumiza mafunde ena choimirira, ena chopingasa, ndipo LNB ikapanda kugwirizana nawo matchanelo ena amabwera, ena n'kusowa. Pa Eutelsat, munthu wa ku Milange saipotoza kwenikweni, pakuti setilaitiyo ili moyang'anizana naye. Pa Intelsat ayenera kuipotoza madigiri ngati 60, ndipo apa m'pomwe ophunzira ambiri amagwa. Pomanga mabawuti samaliza limodzi n'kupita pa linzake. Amamanga mosinthanasinthana, uku akufunsa nambala, chifukwa bawuti lililonse likamalimba limakoka dishi kumbali kwake. Pomaliza amakankha m'mphepete ndi chala, kumwamba, kumunsi, uku ndi uku. Nambala ikatsika mbali zonse zinayi, ndiye kuti ali pachimake penipeni.

Ntchito ina yosiririka ndi yaing'ono kwambiri moti ambiri saiona: kusenda chingwe. Mkati mwake muli waya mmodzi wamkuwa, wokutidwa ndi pulasitiki yoyera, kenako kachitsulo kopyapyala konyezimira, kenako timawaya tolukana, ndipo kunja kuli chikopa chakuda. Mpeni uyenera kudula chikopa osakanda timawaya, kudula pulasitiki osalemba mkuwa. Timawayato amatipinda chammbuyo ndi chala chachikulu, n'kuzunguza chingwecho padzuwa kufufuza ngati kalipo kamodzi kotsalira. Kawaya kamodzi kokha kakakhudza mkuwa wapakati, zonse zaima, chifukwa chingwe chomwecho chimene chimatsitsa zithunzi chimakwezanso magetsi a mavoti 13 kapena 18 kuchoka mu dikoda kupita ku LNB. Akamanga kanati kakumapeto, mkuwa umatulukira pang'ono chabe. Amakulunga tepi kuyambira kumunsi kukwera, kuti madzi aziyenderera pamwamba osalowa m'mipata, ndipo chingwe chisanalowe m'khoma amachigwetsa kaye n'kuchikwezanso, kuti mvula yotsetsereka nacho idonthere panja m'malo molowa nayo m'nyumba. Kuno kumapiri mvula si yoseweretsa, ndipo mafunde a setilaiti, omwe ali pakati pa magigahezi 10.7 ndi 12.75, amamwedwa ndi madontho akuluakulu. Palibe mmisiri angaletse zithunzi kuduka pa chimvula cha mabingu. Chimene angathe n'kusiya mpata wokwanira kuti mvula yowaza isasokoneze, ndi kunena zoona kuti dishi ya masentimita 90 ipirira kuposa ya 60 ngakhale ili yokwera mtengo.

Pali kachizolowezi kena ka amisiri abwino komwe kamatifikitsa pa nkhani ya malamulo. Asanamange mabawuti amawapaka girisi, kuti asachite dzimbiri n'kuuma. Amatero podziwa kuti tsiku lina adzaitanidwa kudzatembenuza dishi yomweyo. Dishi ilibe kampani. Ngakhale italembedwa dzina la wina pankhope, ndi mbale yachitsulo chabe, ndipo imalandira setilaiti iliyonse yomwe yalozedwako. Chokhomedwa ndi dikoda, yomwe imatsegula zithunzi za kampani imodzi yokha. Banja likatopa ndi mtengo, chimene limataya ndi dikodayo. Paipi, mbale ndi chingwe zimakhala zake. Pakati pa ZAP ndi DStv ya pa 36, kawirikawiri ngakhale kutembenuza sikufunika. Akatswiri a za chuma amanena kuti msika umakhala wa mpikisano weniweni pokhapokha ngati kuchoka kwa wogulitsa wina kupita kwa mnzake kuli kotchipa. Ku Milange amene amatchipitsa kuchokako ndi munthu wa sipanala uja.

Mlimi wa nandolo wa kuno safunika kumuphunzitsa za mpikisano. Amadziwa mtengo umene amalandira pamsika pakakhala sikelo imodzi, ndi umene amalandira mavenda akabwera asanu. Malamulo a mpikisano pa malonda amayesa kuonetsetsa kuti masikelo ndi angapo ndipo eni ake sakupangana kuseri. Dziko la Mozambique linakhazikitsa lamulo lake, Lei 10/2013, mu Epulo 2013. Limaletsa makampani kugwirizana mitengo, limaletsa wamkulu pamsika kupondereza anzake ndi mphamvu zake, ndipo limafuna kuti makampani akuluakulu akamaphatikizana ayambe aunikidwa. Koma bungwe loti lizilondoloza zimenezi, Autoridade Reguladora da Concorrência (ARC), linayamba kugwira ntchito mu 2021, patadutsa zaka 8 lamulo lili pa pepala. Za mafunde ndi ziphaso za mauthenga zili m'manja mwa INCM. Kutsidya, Malawi anali ndi lamulo la mpikisano kuyambira 1998, loyang'aniridwa ndi CFTC, ndipo mu 2024 linalembedwanso mwatsopano n'kupatsa bungwelo mphamvu yolipiritsa chindapusa palokha. Ziphaso za wailesi ndi kanema zimaperekedwa ndi MACRA, yomwe lamulo la 2016 limaipatsanso udindo wovomereza mitengo.

Udindo umenewo unayesedwa mu 2023. MultiChoice itakweza mitengo ya DStv, MACRA inakatenga chiletso kukhoti lalikulu, ndipo mu Ogasiti kampaniyo inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi. Inabwerera chakumapeto kwa chaka chomwecho khoti litapereka chigamulo. Miyezi imeneyo inaphunzitsa chinthu chimodzi: kugwira mtengo ndi lamulo n'kovuta ngati wogulitsayo angathe kunyamuka, ogula n'kutsala opanda kolowera. Pa nkhani, nyimbo, mapemphero ndi mafilimu, kolowera kunalipo, ndipo dishi ikanatha kutembenuzidwira kwa Azam, Zuku kapena StarTimes. Pa mpira wa ku England, womwe umadzaza nyumba zoonetsera kanema Loweruka masana, mmisiri analibe chochita, ngakhale dzanja lake litakhala lodekha motani.

Apa m'pomwe luso lake limathera ndipo la olemba malamulo liyenera kuyambira. Chimene chimamanga munthu ku kampani imodzi si chitsulo, ndi ufulu woonetsa zimene iye akufuna kuona. Kampani ikagula yokha ufulu wa mpira kwa zaka zambiri, opikisana nayo amatsala ndi matchanelo ochuluka koma opanda chokopa. Ofuna kulimbana nayo amakwera mtengo mpaka kudzithyola. GTV inalanda mbali yaikulu ya mpira wa ku England mu 2007, n'kugwa mu Januwale 2009, anthu a m'maiko angapo n'kutsala ndi madikoda osayaka kanthu. Kwesé TV ya Econet inatsekedwa mu 2019. Madishi awo sanafe nawo; amisiri anawatembenuzira kwina, ndipo ena akugwirabe ntchito.

Maiko ena anapeza njira zosongoka bwino. Ku United States, lamulo la 1992 lokhudza kanema wa pa chingwe, lomwe aphungu analidutsitsa Pulezidenti George H. W. Bush atalikana, linakakamiza makampani a chingwe okhala ndi matchanelo awoawo kuti azigulitsanso matchanelowo kwa opikisana nawo a setilaiti popanda tsankho. DirecTV itayamba mu 1994 inapeza khomo lotsegula. Mu 1996 kunabwera lamulo lina loletsa maboma a m'madera ndi mabungwe a eni nyumba kutsekereza munthu kuika dishi yosapitirira mita imodzi pamalo pake. Ku Ulaya, mu 2006, European Commission inachititsa kuti ufulu wa Premier League uzigulitsidwa m'magawo, ndipo wogula mmodzi asatenge onse. Chapafupi pano, bungwe la mpikisano la COMESA, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, linafufuza mgwirizano umene CAF inapatsa Lagardère ufulu wa mpira wa mu Africa kuyambira 2017 mpaka 2028, ndipo CAF inathetsa mgwirizanowo mu 2019. Njira zonsezi sizilamula kuti mtengo ukhale wakutiwakuti. Zimamasula bawuti limodzi lokha, lomwe linauma, n'kusiya msika uziyenda. Koma Malawi ali mu COMESA pomwe Mozambique mulibemo, choncho nyumba ziwiri zoyang'anizana pa Muloza, zolandira setilaiti imodzi, zimatetezedwa ndi malamulo osiyana.

Kusiyanako mmisiri wa m'malire amakhala nako tsiku ndi tsiku. Sigino siima pachipata kudinditsa pasipoti, koma chiphaso cha kampani chimathera pa mtsinje. Anthu a ku Milange amalankhula Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi, ali pafupi ndi Blantyre kuposa Quelimane, ndipo m'nyumba imodzi bambo amafuna nkhani za TVM ndi STV, mayi amafuna masewero a ku Brazil a pa ZAP, agogo amafuna kumva Chichewa cha pa MBC kapena Zodiak, pomwe anyamata agawikana pakati pa Bullets, Wanderers ndi Sporting ya Geny Catamo. Chingwe cha TVCabo ndi cha m'mizinda ikuluikulu monga Maputo ndi Beira. Kuno njira ndi dishi, kapena mlongoti wolandira mafunde a dijito a pansi pomwe afika. Ndiye mmisiri wabwino amayamba ndi mafunso. Mumaonera chiyani? Muzilipira ndi meticais kapena makwacha, ndipo muzilipira kuti? Magetsi ndi a EDM kapena a sola, ndipo batire lanu limafika usiku wanji? Wobwera ndi dikoda yochokera ku Joni amamuuza poyera kuti inalembetsedwa dziko lina, ndipo ikadzatsekedwa palibe ofesi ya kuno idzamumvere. Wofuna kabokosi kotsegula matchanelo mwakuba amamukaniza, chifukwa lero kayaka, mawa kazima, ndipo wotukwanidwa amakhala amene anakaika.

Uphungu wotere uli ndi mtengo wake kwa iye mwini. Kampani imakonda mmisiri wovala malaya ake ndi wogulitsa zake zokha, ndipo pali kaphindu pa dikoda iliyonse yomwe walembetsa. Woti auze mayi wamasiye kuti, "Amayi, pa zimene mumakondazi phukusi laling'ono likukwanirani, musavutike ndi lalikulu," wadzichotsera yekha ndalama ya tsikulo. Chimene amapeza ndi dzina, ndipo m'tawuni yoti aliyense amadziwa mnzake dzina ndilo limaitanitsa ntchito ya mawa. Oyang'anira mpikisano akanachita bwino kuyang'ana mbali imeneyi. Mgwirizano woletsa wogulitsa kapena mmisiri kugwira za kampani ina umaoneka waung'ono mu ofesi ku Maputo, koma pa boma pomwe amisiri odalirika ndi owerengeka ungathe kutseka msika wonse.

Makampani akunka nakula. Mu 2025 Canal+ ya ku France inatenga MultiChoice, bwalo la za mpikisano la ku South Africa litavomereza ndi mfundo zina zoti zitsatidwe, ndipo zosankha zokhudza zimene mwana wa ku Milange adzaonere zikupangidwa kutali kuposa kale. Mafoni ndi intaneti nazo zikulowerera, ngakhale mtengo wa data sunafike poti banja lonse n'kuonerapo mpira wa mphindi 90 sabata iliyonse. Pakadali pano mbali ya mmisiri ikugwiridwa mokwanira: paipi ili chilili, chingwe sichilowa madzi, mabawuti amamasuka, ndipo banja lingasinthe kampani masana amodzi pa mtengo wopirika. Mbali yotsala ndi ya ARC, INCM, CFTC ndi MACRA. Ntchito yawo isayezedwe ndi kuchuluka kwa ziphaso zomwe apereka kapena misonkhano yomwe achititsa, koma ndi funso limene mwini nyumba amafunsa mmisiri asanakwere makwerero: "Ndikasintha, mpira ndiziuonabe?" Tsiku limene mmisiri woona mtima adzathe kuyankha kuti inde, malamulowo adzakhala atagwira ntchito yofanana ndi yake.